Funsani Makaniko: Galimoto Yokoka Matayala Onse Ikayamba Kulira Pansi

Mwezi uno mafunso ambiri amene afika patsamba lino ndi a magalimoto okoka matayala onse anayi, ma Forester, ma X-Trail, ma RAV4, ma CR-V ndi anzawo, nde ndangowasonkhanitsa pamodzi tithane nawo kamodzi. Mvula yayandikira ndipo anthu ayamba kukumbukira kuti galimoto yawo ili ndi 4WD, ena akupeza kuti siikugwira, ena ikugwira koma ikulira. Mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse, mafunso ataliatali ndafupikitsa.

Funso: Bambo makaniko, ndili ndi Subaru Forester ya 2006 ya otomatiki. Ndikamakhota kwambiri pang'onopang'ono, monga poimika pa shopu kapena pobwerera m'mbuyo kutuluka pa geti, galimoto imachita ngati wina wagwira buleki, imadumphadumpha ndipo kumbuyo kumamveka gu gu gu. Pamsewu wowongoka ilibe vuto. Ku galaja andiuza kuti giyabokosi yatha ndigule ina. Matayala akutsogolo ndinagula atsopano mu June, akumbuyo ndi akaunjika ogula mosiyana. Nditani? *Bambo wa ku Chilomoni, Blantyre*

Yankho: Achimwene giyabokosi musagule kaye. Chinthu choyamba chimene ndikuchikayikira mwachitchula nokha kumapeto kwa funso lanu, matayalawo. Ndikhalitsa pang'ono pamenepa chifukwa nkhani imeneyi ndi imene ikupha magalimoto ambiri a mtundu umenewu kwathu kuno ndipo imandiwawa, munthu wavutika kusunga ndalama kuitanitsa galimoto ku Japan, yadutsa Dar es Salaam mpaka pa Songwe bwinobwino, kenaka ikudzafera tayala la kaunjika.

Mu Forester yanuyo kumchira kwa giyabokosi kuli ka kilachi ka mapuleti angapo, kamene kamatumiza mphamvu ku matayala akumbuyo kudzera pa prop shafiti, chitsulo chachitali chodutsa pansi pa galimoto. Mapuletiwo amapanikizidwa ndi oyilo wa giyabokosi yemweyo, ndipo kompyuta ndi imene imalamula kuti apanikizidwe bwanji kudzera pa solenoidi, kavalavu ka magetsi, imene amakaniko a Subaru amaitcha duty C. Mukamakhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, nde ka kilachi kaja kamayenera kutererako pang'ono kuti kusiyanako kuthe. Kakakana kuterera, kutsogolo ndi kumbuyo zimayamba kulimbana ndipo kudumpha mukumvako ndi tayala likudzimasula lokha pa phula. Zili ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi ina yothamanga ina yoyenda pang'ono, chimene chimavutika ndi goli.

Tsopano matayala akulowapo bwanji. Tayala lina likakhala laling'ono kuposa anzake limazungulira kambiri pamtunda womwewo, nde kulimbana kuja sikudikiranso kona, kumachitika ulendo wonse olo msewu uwongoke bwanji. Tiyeni tiwerenge. Tayala la 215/60R16, limene ma Forester ambiri a zaka zimenezo amavala, limazungulira pafupifupi ka 479 pa kilomita imodzi. La 215/65R16, limene ogulitsa kaunjika angakupatseni n'kunena kuti ndi saizi 16 yomweyo, limazungulira pafupifupi ka 464. Kusiyana ndi 15 pa kilomita iliyonse, kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe ndiye kuti ka kilachi kaja kameza maulendo oposa 4,500 kakukhuzika ndi kutentha. Olo saizi ikhale yofanana, tayala latsopano la mapanga a mamilimita 8 ndi lakutha la mamilimita 3 amasiyana mamilimita oposa 30 mukawazunguliza chingwe, pomwe muyezo umene amakaniko a Subaru amayendera ndi wakuti asasiyane kuposa mamilimita 6 kapena pamenepo. Mwaona kuti malire ake ndi ochepa kwambiri eti.

Nde chitani izi musanalipire aliyense. Popani matayala onse mpweya woyenera, imikani pamalo a fulati, lembani choko pansi pa tayala lililonse, yendetsani galimoto mowongoka mpaka tayala limodzi lizungulire ka 10, kenaka onani ngati machoko enawo alinso pansi. Lomwe choko chake chathawa kwambiri ndi limenelo. Werenganinso manambala apambali pa matayala onse anayi, osangoyang'ana 16 yekhayo.

Chachiwiri, ma Forester ambiri a otomatiki a nthawi imeneyo ali ndi malo a fyuzi olembedwa FWD m'bokosi la mafyuzi ku injini. Mukaikamo fyuzi ya sipeya pa dashibodi pamayaka FWD ndipo galimoto imakoka kutsogolo kokha. Yesani kukhota muli choncho. Kudumpha kukatha ndiye kuti solenoidi ikumvera ndipo mapuleti akutha kumasuka, mwayi ulipo woti matayala ofanana ndi oyilo watsopano zikonza zinthu. Oyiloyo sinthani katatu, mukuyendako masiku angapo pakati, chifukwa mukamasula pulagi amatuluka osakwana ndi theka lomwe, wina amatsalira mkati. Kudumpha kukapitirira fyuzi ili momwemo, ndiye kuti solenoidi yafa kapena mapuleti amatana kapena adya mizere m'chigoba chawo. Olo zitafika pamenepo si giyabokosi yonse ayi, makaniko wodziwa amachotsa prop ndi ekizozi n'kumasula chigoba cha kumchira chokha giyabokosi ili pagalimoto pomwepo. Fyuziyo ndi yoyezera komanso yogwiritsa ntchito mukavala ka tayala ka sipeya kakang'ono kaja, musaisandutse mankhwala oti muziyenda nayo chaka chonse.

Ndikudziwa kuti matayala anayi pakamodzi si ndalama yamasewera, makamaka chigwereni kwacha mu November 2023 zinthu za galimoto zinakwera moopsa. Ngati anayi sangatheke, gulani enanso awiri a mtundu ndi saizi yomweyo ya mu June aja adakali ndi mapanga ambiri, ndipo muziwasinthanitsa kutsogolo ndi kumbuyo pa sevisi iliyonse kuti azitha mofanana.

Funso: Malume, CR-V yanga ya 2008 ikumabuula kumbuyo ndikakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, imati wuuu ngati chitsulo chikukhuzana. Mwamuna wanga akuti ndi mabuleki koma tasintha mapadi sizinasiye. *Mayi wa ku Area 25, Lilongwe*

Yankho: Mayi, mwa mafunso onse a mwezi uno lanuli ndi limene mwina litsike mtengo kwambiri. CR-V ya zaka zimenezo difu yake yakumbuyo, bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala awiri akumbuyo, ili ndi mapampu awiri mkati, ina imazunguzidwa ndi prop shafiti kuchokera kutsogolo ina ndi matayala akumbuyo. Onse akamazungulira mofanana galimoto imakoka kutsogolo kokha, akutsogolo akaterera pampu imodzi imathamanga kuposa inzake, pulesha imakwera n'kumanga kilachi, kumbuyo kumayamba kukankha. Palibe batani palibe kompyuta, zonse ndi oyilo. Oyiloyo akakalamba mapuleti a kilachi amagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, kubuula mukumvako ndi kumeneko.

Mukufunika oyilo wa Honda wotchedwa DPSF, mabotolo ena amalemba Dual Pump Fluid II, ndipo amalowa lita imodzi ndi pang'ono. Apa ndiye muchenjere, akakuuzani kuti difu ndi difu tithiremo 90 wamba uja mukane, olo ATF mukane, difu imeneyo imafuna oyilo wakeyo basi. Akasintha, pitani pabwalo lopanda anthu muzungulire pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere kangapo kuti oyilo watsopano alowe m'mapuleti, ngati phokoso latsalako sinthaninso kachiwiri. Ma CR-V ambiri amasiyira pomwepo. Ndipo muwauze bambo a kunyumba ayang'anenso matayala monga ndawauzira a ku Chilomoni aja, difu imeneyi nayonso imadana ndi matayala osiyana.

Funso: Bwana, X-Trail yanga NT31 imanjenjemera pansi pa mpando ndikafika 70 mpaka 90, ndipo ndikachotsa giya ku D kupita ku R pamamveka khu. Anyamata a pa galaja akuti tingochotsa prop shafiti, galimoto iziyenda ngati 2WD komanso izimwa mafuta pang'ono. Nyali ya 4WD imaphethiranso nthawi zina. Ndivomere? *Mphunzitsi wa ku Mchinji*

Yankho: Aphunzitsi, galimoto iyenda ndithu, pamenepo sakunama. X-Trail imakoka kutsogolo mwachindunji, kumbuyo kumalumikizidwa ndi kapuling'i ya magetsi imene ili kutsogolo kwa difu yakumbuyo, nde prop ikachoka kutsogolo kumapitiriza ntchito. Koma ine sindikuvomerezani. Za mafutazo musayembekezere zambiri, difu yakumbuyo ndi mashafiti ake zikhalabe pomwepo zikuzunguzidwa ndi matayala, kulemera kwa galimoto kukhala pafupifupi komweko, komanso galimoto yanuyo ili kale ndi batani la 2WD, AUTO ndi LOCK, ngati mukufuna kukoka kutsogolo kokha ingotembenuzani batanilo. Inu mumakhala ku Mchinji, January akafika misewu yafumbi ija yasanduka phala mudzaifuna prop imeneyo, ndipo tsiku logulitsa galimoto wogula wodziwa akasuzumira pansi adzakudulani mtengo.

Chimene chimandidandaulitsa ndi chakuti kuchotsa prop kwasanduka chizolowezi, galimoto iliyonse ikangonjenjemera akuti chotsani, osayang'ana n'komwe kuti ndi galimoto yanji. Pali ena amene simungayerekeze. Subaru ya manyuwo komanso ma RAV4 akale aja a m'ma 2000 mpaka 2005 okoka onse nthawi zonse ali ndi difu yapakati, mukachotsa prop mphamvu imathawira mbali yopanda katunduyo ndipo chimene chimatsala chikuyendetsa galimoto ndi viscous coupling yokha, ka kilachi ka mapuleti ndi mafuta olimba ka pa difu yapakatiyo, imatentha n'kupsa. Pa Subaru prop imachita kulowa m'mchira mwa giyabokosi, mukaisolola osatseka bwino oyilo amatayikira mumsewu. Nde inu nonse ogula galimoto kwa munthu konkuno, gwadani musuzumire pansi muone ngati chitsulo chachitalicho chilipo, ambiri agula 4WD ya pa pepala chabe.

Tibwerere ku vuto lanu. Yambani ndi zosavuta, matope ouma m'kati mwa marimu, rimu yopindika ndi maenje, tayala lotupa, izi nazonso zimanjenjemeretsa koma kawirikawiri zimamveka pa chiwongolero. Kunjenjemera kwa pansi pa mpando pamodzi ndi khu uja posintha giya kukuloza ma cross a prop, ena amati ma universal, kapena senta bering'i imene imagwira prop pakati, mphira wake ukang'ambika shafiti imavina. Galimoto ikwere pa pit, makaniko agwire prop aipotokole uku ndi uku, cross yabwino siigwedera olo pang'ono, ndipo akaona fumbi lofiira la dzimbiri pa makapu ake ndiye kuti girizi anatha kalekale. Ma cross a magalimoto amenewa anawakhomerera ku fakitale, alibe ma kilipu, nde ena amati sasinthika koma ma shopu a enjiniyaring'i okhala ndi makina amasintha n'kuibalansa shafitiyo. Asanamasule alembe chizindikiro pamene zidutswa zakumanirana kuti pobwezera zikhale momwe zinalili, akaphonya pamenepo kunjenjemera kumabweranso ndi cross yatsopano yomwe. Owotcherera cross ndi moto apewe, imakhala yopendekeka ndipo imakadya bering'i ya transifa, kabokosi kotumiza mphamvu kuchokera ku giyabokosi kupita ku prop.

Za nyaliyo, Nissan anaipanga kuti izilankhula mitundu iwiri. Ikamaphethira mofulumira ndiye kuti zakumbuyoko zatentha, imani pamalo abwino injini ikulira mpaka nyaliyo izime. Ikamaphethira pang'onopang'ono ndiye kuti kompyuta yaona kuti matayala akutsogolo ndi akumbuyo akuzungulira mosiyana kwambiri, kayezeni matayala. Ikangoyaka osazima kaikeni galimoto pa kompyuta, kawirikawiri amakhala sensa ya ABS kapena waya wopita ku kapuling'i wadulidwa ndi miyala.

Funso: Akulu, Vanguard yanga ikumalira ko ko ko kutsogolo ndikamakhota ndikuponda mafuta. *Mnyamata wa ku Zomba*

Yankho: Imeneyo ndi CV yakunja achimwene, joini ya pa shafiti yoyendetsa tayala, yakufupi ndi tayalalo. Suzumirani kuseri kwa tayala mupeza buti yake yang'ambika ndipo girizi wamwazikira paliponse. Mchenga ukalowa umadya timipira ta mkatimo, ikafika poti ko ko ndiye kuti yadyeka kale, kuthira girizi kungochepetsa phokoso masabata angapo, sinthani joini. Pogula tengani yakaleyo mukawerenge mano ake mkati ndi kunja chifukwa ya 4WD ndi ya 2WD sizifanana nthawi zonse, ndipo girizi wake ndi wakuda uja wa moly osati wa ma bering'i. CV yamkati imadziwika mosiyana, siigogoda pa kona koma galimoto imagwedezeka mukaponda mafuta pokwera mtunda, mukachotsa phazi imasiya. Mukumbukirenso kuti galimoto yanu ili ndi mashafiti anayi osati awiri, mabuti onse ndi 8, akumbuyo aja anthu sawayang'ana n'komwe.

Funso: Bambo, ndimayenda kwambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje pa ntchito ndi RAV4 ACA31, nyengo yamvula yathayi ndinawoloka madzi kangapo. Panopa kumbuyo kukulira huuu ndipo phokoso likukula liwiro likamakwera. Sevisi ndimapanga pa nthawi yake. *Bambo wa ku Nchalo*

Yankho: Bambo, ndikufunseni, pa sevisi imeneyo amasintha chani? Malo ambiri sevisi ndi oyilo wa injini ndi mafyuluta basi. Galimoto yanu ili ndi malo enanso atatu a oyilo, giyabokosi, transifa imene yamamatira pa giyabokosi n'kutembenuzira mphamvu ku prop, ndi difu yakumbuyo. Transifa ndi difu zimatenga oyilo wochepa zedi, pafupifupi theka la lita chilichonse, pa X-Trail transifa siifika ndi theka lomwe, ndipo ili pafupi ndi ekizozi pamene pamatentha. Silo ikangoyamba kudontha pang'ono, miyezi ingapo mkati mwauma inu osadziwa chifukwa palibe nyali ya zimenezo pa dashibodi. Magalimoto ambiri a ex-Japan amafika kuno oyilo ameneyu ali wa ku fakitale, kenaka ife tiwonjezerapo zaka zina.

Madzi nawo amalowa chonchi. Difu ili ndi kabowo kopumira pamwamba pake. Mwayenda ulendo difu yatentha, mwalowa m'madzi ozizira mwadzidzidzi, mpweya wa mkati umafota n'kukoka madzi kudzera pa kabowoko kapena pa masilo. Oyilo amasanduka wotuwa wa thovu, ma bering'i amachita dzimbiri, pakapita miyezi huuu wayamba. Nde mukawoloka madzi ofika pa ma hub, sabata yomweyo masulani pulagi muone mtundu wa oyilo. Pomasula yambani ndi pulagi yothirira yapamwamba, chifukwa mukakhetsa oyilo kenaka yapamwambayo n'kukana kumasuka mwagwira njakata. Pulagi yapansi ili ndi maginito, phala lakuda losalala si vuto koma mukapezapo tizidutswa ta chitsulo togwirika ndi zala ndiye kuti mkati mwayamba kusweka. Oyilo wake ndi wa magiya wa GL-5, kulemera kwake onani m'buku la galimoto. Kwa misewu yathuyi ine ndimalangiza makilomita 40,000 aliwonse, kwa inu a kuchigwa chaka chilichonse mvula ikatha.

Kuti mudziwe chikulira n'chani, pezani msewu wopanda magalimoto. Gwedezani chiwongolero pang'ono kumanja ndi kumanzere, phokoso likamasintha ndi kugwedezako ndi bering'i ya tayala. Likamasintha mukaponda mafuta ndi kuchotsa phazi ndi mano kapena ma bering'i a difu. Ma RAV4 a mtundu wanu ndi ma Vanguard amadziwikanso ndi bering'i ya pa kapuling'i kutsogolo kwa difu, imalira chimodzimodzi ndipo anthu amagula difu yonse pomwe yofunika ndi bering'i ndi silo. Makaniko aikweze matayala onse anayi m'mwamba pa choikira cholimba, wina ayendetse, iye amvetsere ndi sikuludiraiva yaitali malo ndi malo. Mukafika ku giyabokosi, ACA31 ya ku Japan ndi ya CVT, imafuna oyilo wa CVT wa Toyota, TC kapena FE malinga ndi chimene chalembedwa, a X-Trail NT31 wawo ndi NS-2, musalole ATF wofiira wamba alowemo.

Funso: Achimwene ndili ku Johannesburg, ndili ndi Tiguan 4Motion ya 2017, December ndikubwera nayo kumudzi kudzera ku Beitbridge, Tete mpaka Mwanza. Masiku ano pakagwa mvula matayala akutsogolo akumapalasa ndikamanyamuka pa maloboti, kale sizimachitika, koma palibe nyali yayaka. *M'bale wa ku Joni*

Yankho: Achimwene mwachita bwino kufunsa musananyamuke. Tiguan imagwiritsa ntchito kapuling'i ya Haldex, ya ku Sweden, imene inayamba kuikidwa m'magalimoto a Volkswagen ndi Audi mu 1998. Ili ndi pampu ya magetsi yopanikiza mapuleti ndipo ili ndi oyilo wakewake wosiyana ndi wa difu ngakhale zili m'chigoba chimodzi. Ya m'galimoto yanu ilibe fyuluta yosintha, ili ndi kasefa pakamwa pa pampu, kasefako kakatsekeka ndi zinyalala za mapuleti pampu imasowa oyilo, kumbuyo kumasiya kukankha mwakachetechete. Oyilo wa Haldex amafunika kusintha zaka zitatu zilizonse, ndipo muwauze amakaniko achotsenso pampu atsuke kasefako, ambiri amangosintha oyilo n'kusiya. Mupite nayo kwa munthu amene anaigwirapo, mapulagi a Haldex ndi a difu ayandikana ndipo zimachitika kuti munthu wakhetsa difu n'kuthira ku Haldex, difu n'kuyenda youma. Konzeranitu konko, zida za Volkswagen kumeneko zimapezeka msanga kusiyana ndi kumudzi kuno.

Funso: Bambo makaniko, giyabokosi ya Forester yanga ya manyuwo inafa ndiye ndinagula ina ya kaunjika yochokera ku Japan. Inalowa bwinobwino magiya onse akulowa, koma galimoto ikulemera, ikumwa mafuta, ndikayenda kuchoka ku Mzuzu kufika pa Ekwendeni pansi pakumatentha ndi kununkha, matayala akuthanso msanga. Matayala onse ndi atsopano ofanana. *Bambo wa ku Luwinga, Mzuzu*

Yankho: Bambo imikani galimotoyo lero lomwe. Mu Subaru difu yakutsogolo ili m'kati mwa giyabokosi, nde mukagula giyabokosi mwagulanso difu yakutsogolo ndi reshiyo yake, kutanthauza maulendo amene shafiti yolowa mu difu imazungulira kuti matayala azungulire kamodzi. Subaru anapanga ma reshiyo angapo, 3.900, 4.111, 4.444, kunja zigoba zikuoneka chimodzimodzi ndipo mabawuti amalowa popanda vuto. Ngati giyabokosi mwagulayo ndi ya 4.444 pomwe difu yanu yakumbuyo ndi ya 4.111, kutsogolo ndi kumbuyo zikusiyana ndi 8 pa 100 iliyonse, kuposeratu za tayala la kaunjika zija, ndipo zonsezo zikuthera pa viscous coupling ya pa difu yapakati. Mkati mwake muli mapuleti ndi mafuta olimba a silikoni otsekeredwa, siitsegulidwa kuti musinthe mafutawo, ikapsa ndi yosintha yonse.

Pa giyabokosi pamwamba chakufupi ndi sitata pamakhala sitika ya nambala, ya manyuwo imayamba ndi TY, ya otomatiki kawirikawiri ndi TZ. Yerekezani ndi nambala ya giyabokosi yakale, kapena ndi imene yalembedwa pa kapuleti ka galimoto ku injini, ngati zikusiyana fufuzani reshiyo ya nambala iliyonse pa intaneti. Difu yakumbuyo mutha kuiyeza nokha. Masulani prop pa difu, lembani choko pa flanji ya difu pamene prop imamangidwa, kwezani matayala onse akumbuyo, anthu awiri azungulize matayalawo limodzi mofanana ka 10 wina akuwerenga flanji. Ikazungulira ka 39, ka 41 kapena ka 44 mwadziwa reshiyo yanu. Zikapezeka kuti zasiyana, njira yachidule ndi kupeza difu yakumbuyo yofanana ndi giyabokosi yatsopanoyo, imatsika mtengo kusiyana ndi giyabokosi ina. Mukatha kukonza yendani mpaka zonse zitenthe kenaka mukhote pang'onopang'ono, ikamadumpha itatentha koma ili yozizira osadumpha ndiye kuti viscous ija inapsa kale, mutha kuchotsa ya mu giyabokosi yakale ngati ikadali yabwino. Ena nonse, pogula giyabokosi ya 4WD funsani ngati difu ya galimoto yomweyo ilipo mutenge zonse ziwiri, ndipo mugwirizane ndi wogulitsa za kubweza musanapereke ndalama.

Funso: Kodi 4H ya Hilux ndingamayende nayo pa tara mvula ikamagwa monga amachitira a ma Subaru? *Mlimi wa ku Kasungu*

Yankho: Ayi bambo. Hilux ilibe difu yapakati kapena kilachi yoterera, mukaika 4H kutsogolo ndi kumbuyo zamangidwa pamodzi nganganga, zimadalira kuti dothi kapena matope alole tayala kuterera. Pa tara mphamvu imaunjikana m'mashafiti, giya ya 4WD imakana kutuluka, tcheni cha mu transifa chimatamuka, nthawi zina CV imathyoka. Mukafika pa tara bwererani ku 2H, ikakana bwererani m'mbuyo mowongoka mamita angapo imasuka. A ma X-Trail ndi ma RAV4 batani la LOCK nalonso ndi la m'matope ndi mumchenga pa liwiro lochepa, pa RAV4 limadzichotsa lokha mukapitirira 40.

Funso: Galimoto yanga Outlander ya 4WD inazima pa Zalewa, a bulekidauni ananyamula kutsogolo kokha matayala akumbuyo akuyenda pansi mpaka ku Blantyre. Mnzanga akuti ndalakwitsa. Zoona? *Mayi wa ku Namiwawa*

Yankho: Mnzanuyo akunena zoona mayi. Kutsogolo kukamangidwa osazungulira kumbuyo kukuzungulira, kusiyana konseko kumagwera pa kapuling'i ya kumbuyo kwa makilomita onsewo, ndipo pa magalimoto ena ngati Subaru zimawonongeratu pa mtunda waufupi. Galimoto yokoka onse imafunika kukwera yonse pa lole ya fulati. Kukoka ndi chingwe matayala onse ali pansi nakonso n'koopsa pa otomatiki ndi CVT chifukwa injini ikazima pampu ya oyilo imaimanso, mkati mumazungulira mouma. Ngati lole ya fulati palibe ndipo mwakakamizika, makaniko amasule prop pa difu yakumbuyo aimangirire bwino ndi waya m'mwamba, kenaka anyamule kutsogolo. Poti zachitika kale, injini ikakonzedwa sinthani oyilo wa difu ndi wa transifa muone ngati akununkha kupsa, kenaka yesani kukhota pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri mumve ngati ikudumpha, komanso mupite pamchenga wina aime pambali aone ngati matayala akumbuyo akukankha. Zonse zikakhala bwino yendani nayo, koma sabata ziwiri zoyambirira muzisuzumira pansi m'mawa kuona ngati silo ya pa kapuling'i yayamba kudontha.